Mbalame ya mchira wautali yobwera ndi mvula: mafunso ndi mayankho kwa anthu a mu Lilongwe

Dzuwa la Okutobala likafika poswa mtengo, m'mitengo ya mthunzi ya muno mu Lilongwe mumatulukira kambalame kofiira msana, kodera mutu, kokoka mchira wautali kuposa thupi lake. Miyezi yonse yozizira kunalibe. Kamamanga chisa, kulera ana, ndipo chimanga chikamauma m'munda kamasowanso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe, ana asukulu, osamala maluwa m'makomo ndi eni nyumba amafunsa kawirikawiri akakaona. Ena ndawayankha mwachidule. Pa ena ndachedwapo, makamaka okhudza chisa ndi mitengo, chifukwa apo ndi pamene anthufe timakathandiza kapena kukapweteka osadziwa.

Kodi mbalame yake ndi iti, ndipo ndingaizindikire bwanji?

M'mabuku a mbalame mudzaipeza pa dzina loti African paradise flycatcher. Asayansi amaitcha Terpsiphone viridis, ndipo amene anailemba koyamba m'mabuku awo ndi Statius Müller mu 1776. Imapezeka m'maiko ambiri a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, mpaka kutsidya la nyanja, kumwera kwa Arabia.

Ndi yaing'ono ndithu. Kuchokera kumlomo kufika kumapeto kwa mchira wamba ndi masentimita pafupifupi 17, ndipo kulemera kwake ndi magalamu apakati pa 12 ndi 15 basi. Msana, mapiko ndi mchira ndi zofiira moderako. Mutu ndi khosi ndi zotuwa mopita kukuda, pachifuwa ndi pamimba m'potuwa. Pamutu ili ndi katsumba kamene imakaimika ikakwiya kapena ikadzidzimuka. Ikakhala pafupi, yang'anani diso: lazunguliridwa ndi kakhungu ka buluu kowala, ndipo mlomo nawo ndi wa buluu. Palibe mbalame ina ya pakhomo pano imene ili ndi zonsezi pamodzi.

Yaimuna yokhwima ndiyo ili ndi nthenga ziwiri zapakati pa mchira zotalika kwambiri, mwakuti zimatha kuwirikiza kutalika kwa mbalame yonse. Yaikazi ilibe nthenga zimenezi, ndipo buluu wa m'diso mwake ndi wozilala pang'ono. Mukaona zithunzi za kumadzulo kapena kum'mawa kwa Africa zoonetsa yaimuna yoyera msana ndi mchira, musadabwe. Ndi mbalame yomweyi, koma kumeneko zina zimabadwa zoti zikakula zimayera. Mtundu umene umaswana kuno kwathu, ku Zambia ndi ku Zimbabwe, wotchedwa plumbeiceps, ndi wofiira uja.

Mchira wonsewo ndi wa chiyani? Suivutitsa pouluka?

Ntchito yake yaikulu ndi kukopa yaikazi. Yaimuna ikamafunsira imauluka mokwera ndi kutsika pamaso pa yaikazi, mchira ukuyenda mafunde pambuyo, kenako imatera, kutambasula mapiko ndi kuyasamula kukamwa. Mchira wotere ndi katundu: kuti umere pafunika chakudya chambiri, ndipo wounyamula amaonekera msanga kwa adani. Yaimuna imene yakwanitsa kuusunga wathunthu ndiye kuti ikudya bwino ndipo ndi yochenjera.

Pouluka suivutitsa kwenikweni chifukwa nthengazo ndi zopepuka ndi zofewa, zimangotsatira. Mudzaiona ikukhota pakati pa nthambi zothinana osakodwa. Zazimuna zazing'ono zimakhala ndi mchira waufupi, mwakuti mukaona ziwiri pachisa zonse za mchira waufupi, sikuti zonse ndi zazikazi.

Pali ina ya mchira wautali imene ndimaiona ikudya pansi. Ndi yomweyo?

Ayi. Ngati ndi yakuda ndi yoyera, ya mlomo wofiira, ndipo ikutola njere za udzu pansi n'kumathamangitsa timbalame tinzake, imeneyo ndi pin-tailed whydah, mbalame yodya njere imene siimanga chisa koma imaikira mazira m'zisa za timbalame tina. Yathuyi simudzaipeza ikuyenda pansi. Miyendo yake ndi yaifupi ndi yofooka, yongogwirira nthambi, ndipo moyo wake wonse uli m'mitengo.

N'chifukwa chiyani sindiiona mu Juni ndi Julayi? Imapita kuti?

Imasamuka. Kuno ku chigawo chapakati imafika chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, n'kuchoka cha mu Epulo. Zambiri zimalowera kumpoto, kunkhalango zonyowa za ku Congo ndi maiko oyandikana nawo, kumene tizilombo touluka sitisowa chaka chonse. Zochepa zimatsalira m'madera otsika ndi ofunda, m'mphepete mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire. Lilongwe ali pamtunda, mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuzizira kwa kuno ndi kuuma kwake kumachepetsa tizilombo mpaka mbalame yodalira kugwira chakudya m'malere singakhute.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi nthawi imene imasankha kubwera. Siidikira kuti mvula igwe. Imafika kukadali kouma gwa, fumbi lili koboo, pamene mitengo ya tsamba ndi mombo yangophukira masamba ake ofiira aja. Masamba anthete amabwera ndi mbozi ndi tizilombo tina, ndiye mbalameyi imapeza poyambira. Imagwira malo, kupeza mnzake, kumanga chisa, ndipo pamene chizimalupsa chadutsa n'kubwera mvula yodzalira, tiana timakhala tikuswa kapena tatsala pang'ono. Nthawi imene tiana tikufuna chakudya chambiri ndi yomwe ngumbi, agulugufe ndi ntchentche zachuluka. Ikachedwa kufika, kapena mvula ikachedwa kwambiri, mgwirizano umenewu umasokonekera.

Tisaisokoneze ndi alendo ena a nyengo yomweyi. Anamzeze ena, pamodzi ndi kambalame kotuwa kotchedwa spotted flycatcher, amachokera ku Europe ndi Asia kuthawa chisanu cha kumeneko. Iwo amangodya n'kubwerera, saswana kuno. Yathuyi ulendo wake wonse ndi wa mu Africa momwemuno, ndipo kuno ndi kumene imabadwira. Kawirikawiri imabwerera pamalo pomwe inaswana chaka chatha, nthawi zina mumtengo womwewo. Mukadula mtengowo mu Ogasiti, mu Okutobala kudzabwera mbalame yoyenda ulendo wa makilomita mazanamazana n'kupeza chitsa.

Imadya chiyani, ndipo imagwira bwanji?

Imadya tizilombo: ntchentche zamitundumitundu, agulugufe ausana ndi ausiku, tizikumbu, ngumbi, mbozi ndi akangaude. Mlomo wake ndi wophwatalala, wotakata kutsinde, ndipo m'mbali mwa kamwa muli tiubweya tolimba tothandiza pogwira chinthu chouluka.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba, imakhala pakanthambi ka mumthunzi, mutu ukutembenuka uku ndi uku, kenako imadumpha, kugwira kachilombo m'malere n'kubwerera. Mukakhala chete pafupi mumamva mlomo ukulira kuti tcha! Yachiwiri, imayenda m'kati mwa masamba itatambasula mchira ndi kugwetsa mapiko, ikudzigwedeza, kuti tizilombo tobisala pansi pa masamba tidzidzimuke n'kuuluka. Tikangouluka ndiye kuti tagwidwa. Siikhazikika, ndipo n'chifukwa chake kuijambula pafoni kumavuta.

Nthawi yabwino yoionera ikusaka ndi madzulo a tsiku limene mvula yagwa masana n'kukata, ngumbi zikutuluka pachulu. Anamzeze amakhala m'mwamba, apumbwa akulimbirana pansi ndi pazitsamba, nthengu ili pawaya. Yathuyi siipita pabwalo poyera. Imakhala m'mphepete mwa mthunzi wa mtengo wake, n'kumangotola ngumbi zimene mphepo yazikankhira komweko. Ikagwira yaikulu imabwerera nayo panthambi, kuimenyetsa kangapo mpaka mapiko atathothoka n'kugwa mozungulira, kenako kumeza kapena kuthamangira nayo kuchisa. Posakhalitsa yabweranso.

Kusamba kwake nakonso n'kwachilendo. Mbalame zambiri zimaima m'madzi osaya n'kumadzithira. Iyi imachokera panthambi, kudziponya pamadzi kuti phava, n'kubwerera panthambi pomwepo kukadzikutumula ndi kukonza nthenga. Imachita zimenezi kangapo motsatizana.

Ndiye ikakhala pakhomo udzudzu utha?

Ayi, ndipo musasiye kugona m'neti chifukwa cha mbalame. Imasaka masana, pamene udzudzu wofalitsa malungo umauluka usiku. Sinenso woti ndingakuuzeni kuti iteteza chimanga chanu ku mbozi, pakuti siisaka m'munda poyera. Phindu lake lili m'mitengo ya pakhomo ndi m'mphepete mwa mitsinje, kumene pamodzi ndi mbalame zinzake imachepetsa tizilombo todya masamba. Ndipo ngakhale ikanakhala yopanda phindu lowerengeka, ine ndikanaifunabe pakhomo panga.

Imalira bwanji?

Nthawi zambiri mudzaimva musanaione. Kulira kwake kwa tsiku ndi tsiku n'kokanda kukhosi, kwa mawu awiri, ngati ikuti zwii-zwe, zwii-zwe. Ndi mmene imaitanirana ndi mnzake ndiponso mmene imachenjezera. Nyimbo yeniyeni ndi ya yaimuna: kamluzu kofewa, kothamanga, ka mawu angapo otsetsereka, kobwerezabwereza. Imaimba kwambiri m'mamawa, masabata oyamba itangofika, pamene ikudziwitsa zinzake kuti malo ano ali ndi mwini. Kulira kokanda kuja kukachuluka ndi kufulumira, yang'anani bwino mumtengomo. Mwina muli mphaka, njoka kapena khwangwala.

Chisa chake chimakhala chotani?

Apa ndiye pali luso. Chisa chonse sichiposa kapu ya tiyi, ndipo chimamangidwa pamphanda ya kanthambi kakang'ono, kawirikawiri kolendewera kunsi kwa mtengo, mumthunzi. Nthawi zambiri sichikhala patali kwambiri ndi pansi. Mbalameyi imakonda nthambi imene pansi pake pali poyera, monga pamwamba pa mtsinje, pa kanjira, ngakhale pabwalo la nyumba pamene anthu amadutsa tsiku lonse. Kanthambi kowonda n'kovuta kuti nyama yolemera ifikepo, ndipo poyera pansipo pamaipatsa njira yolowera ndi kutulukira.

Zimamanga zonse ziwiri, yaimuna ndi yaikazi. Zimatola timizu, tiudzu tofewa ndi tiluzi ta makungwa. Chomangira chake ndi ulusi wa kangaude. Mbalame imauluka kufika pa ukonde wa kangaude, kuima m'malere kamphindi, kukoka ulusi ndi mlomo n'kupita nawo kuchisa. Ikafika imakhala m'kati, kutulutsa khosi, n'kumapaka ulusiwo kunja kwa chisa, mlomo ukupita uku ndi uku, kukulunga chisa ndi nthambi pamodzi. Kenako imadzizunguza m'katimo, ikukankha ndi chifuwa, kuti chisa chitenge msinkhu wa thupi lake. Ikachoka, inzake imalowa n'kuchita chimodzimodzi. Pomaliza zimamata kunja tizidutswa ta ndere zouma zotuwa zimene zimamera pa makungwa a mitengo yakale. Chikatha, munthu wosadziwa amangoti ndi mfundo ya mtengo.

Ulusi wa kangaude uli ndi ubwino wina. Umatamuka, ndiye tiana tikamakula chisa chimafutukuka pang'ono osang'ambika. Ndipo popeza ndi wolimba, chisa chimapirira mphepo ya mkuntho imene imatsogolera mvula ya Disembala.

Taganizani zimene mbalameyi ikufuna kuti chisa chimodzi chitheke: mtengo wa mthunzi wokhala ndi nthambi zam'munsi, akangaude, ndi mitengo yokalamba yomera ndere. Pakhomo pamene nthambi zonse zam'munsi zinasadzidwa, mitengo inapoperedwa mankhwala ndipo ukonde uliwonse wa kangaude umachotsedwa ndi tsache, pangaoneke paukhondo, koma mbalameyi ilibe chomangira.

Imaikira mazira angati, ndipo tiana timakula masiku angati?

Kawirikawiri awiri kapena atatu, oyererako, a timadontho tofiira tochuluka kumbali yaikulu. Zimafungatira mosinthana kwa masabata pafupifupi awiri. Yaimuna ikakhala pamazira mchira wonse umalendewera kunja, ndipo nthawi zambiri ndi mchirawo umene umaulula pamene pali chisa.

Tiana timaswa tili tamaliseche, maso otseka. Makolo onse awiri amatidyetsa kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, ndipo zitosi zake amazinyamula ndi mlomo kukataya kutali kuti pansi pa chisa pasaoneke chizindikiro. Dzuwa likawomba pachisa kapena mvula ikamagwa, kholo limakhala pamwamba pa tiana litatambasula mapiko. Timakula mofulumira modabwitsa: masabata awiri asanathe timakhala tatuluka m'chisa, mchira uli kachidutswa chabe, kuuluka kwake kuli kongodumpha nthambi ndi nthambi. Makolo amapitiriza kutidyetsa kunja kwa chisa kwa masiku ena. Nyengo ikakhala yabwino, banja limodzi limatha kuswa kawiri mvula isanathe.

Adani ake ndi ati?

Apusi amadya mazira ndi tiana, ndipo m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi alipo ambiri. Akhwangwala, amene achulukana mumzinda chifukwa cha zinyalala, amayang'anitsitsa kumene mbalame zazing'ono zikupita ndi chakudya kukamwa. Pali njoka zokwera m'mitengo, akabawi ang'onoang'ono osaka m'nkhalango, ndi amphaka a pakhomo amene amagwira tiana tongotuluka kumene. Matalala ndi mphepo nazo zimagwetsa zisa.

Palinso mdani wochenjera, mbalame yobiriwira monyezimira yotchedwa diederik cuckoo. Iyo siimanga chisa. Kawirikawiri imaikira dzira lake m'zisa za atchete, koma nthawi zina imaikiranso m'chisa cha yathuyi. Mwana wake akaswa amachotsa mazira kapena tiana ta eni chisa, n'kutsala yekha akudyetsedwa ndi makolo osakhala ake.

Kuchepa thupi sikuiletsa kulimba mtima. Khwangwala akayandikira chisa, zonse ziwiri zimamuthamangira, kumuwomba kumsana uku zikulira, mpaka atachoka. Munthu naye zimamulalatira. Zikayamba kutero inu muli pafupi, bwererani m'mbuyo, chifukwa nthawi imene zikulimbana ndi inu mazira akuzizira kapena akupsa ndi dzuwa, ndipo khwangwala akuonerera.

Ndapeza kamwana kake pansi. Nditani?

Choyamba onani ngati kali ndi nthenga. Ngati kali nazo, maso ali otsegula ndipo kakutha kugwira chala chanu ndi zikhadabo, sikanatayike ayi. Kangotuluka kumene m'chisa ndipo makolo ali pafupi, mwina ndi amene akukulalatiraniwo. Kanyamuleni, kaikeni panthambi ya mumthunzi pafupi ndi pomwe mwakapeza, tsekerani mphaka ndi galu, uzani ana achokepo, inunso muchoke. Ngati kalibe nthenga ndipo chisa mukuchiona, kabwezereni m'chisamo.

Ambiri tinakula tikumva kuti mwana wa mbalame ukamugwira make amamukana chifukwa cha fungo la munthu. Si zoona. Makolo amabwerera malinga inu mwachokapo.

Chimene chimapha tiana tambiri ndi chifundo cholakwika: kukatengera m'nyumba, kukaika m'katoni, kukapatsa nsima, mpunga kapena buledi, n'kukathira madzi kukamwa. Mimba yake ndi ya tizilombo basi, ndipo madzi othiridwa kukamwa amalowa m'mapapo. Ngati kavulala, kapena mwadikira nthawi yaitali muli patali koma makolo osabwera, funsani a Lilongwe Wildlife Centre, amene ntchito yawo ndi kusamala nyama zakutchire zovulala ndi zamasiye.

Ndingaiwete m'khola poti ndi yokongola?

Ayi. Siidya mapira, gaga kapena zipatso, imafuna tizilombo tamoyo tsiku lonse, ndipo nthawi yosamuka ikakwana thupi lake limaiuza kuti inyamuke. M'khola imafa m'masiku ochepa. Dziwaninso kuti kugwira ndi kusunga nyama zakutchire kuli ndi lamulo lake, la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017.

Mu Lilongwe ndingakaione kuti?

Poyambira pabwino ndi nkhalango ya m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, kumene kuli Nature Sanctuary ndi Lilongwe Wildlife Centre. Tinjira ta m'mbali mwa mtsinje tili ndi mitengo ikuluikulu ya mthunzi, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi n'zovuta kuyendamo m'mawa osaimva. Ku Botanic Garden kufupi ndi Capital Hill nakonso imapezeka. M'madera akale okhala ndi mitengo yokhwima, monga Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43, imaswana m'mipanda ya anthu. Koma si mbalame ya kumayadi kokha. Kulikonse kumene kuli mango akuluakulu oyandikana, mkuyu kapena mbawa, kaya ndi pasukulu, patchalitchi kapena kuseri kwa nyumba ku Likuni, ikhoza kukhalapo.

M'midzi yozungulira mzindawu, kwa Chadza, kwa Kalolo, kwa Malili ndi kwina, malo amene mitengo yachilengedwe yatsala yothithikana ndi kumanda. Mwambo wathu woletsa kudula mitengo ya kumanda wasunga timisitu timene mbalame zambiri zikudalira lero pakati pa minda yopanda mtengo. Kumeneko simulowa mwachisawawa. Kaonaneni ndi amfumu, kapena ingoimani panja n'kumvetsera, chifukwa mbalameyi imakonda m'mphepete mwa msitu momwemo.

Amene mungathe kupita patali, pitani ku Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa mzinda. M'nkhalango ya miombo mbalame zodya tizilombo zimayenda m'magulu osakanikirana. Mutha kuyenda nthawi yaitali kuli zii, kenako mwadzidzidzi mitengo yonse yadzaza timbalame tamitundumitundu, tina tikusaka pamakungwa, tina m'masamba, yathuyi ikutola zimene anzake adzidzimutsa. M'magulu amenewa ndi mmene anthu ochokera kunja amadzafunamo gogomole wosowa wotchedwa Stierling's woodpecker. A Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1947, ali ndi nthambi muno mu Lilongwe ndipo ndi anthu abwino kuyenda nawo ngati mukuyamba kumene.

Kodi ili pangozi yoti ingathe?

Padziko lonse ayi. Bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka zachilengedwe padziko lonse, limaiika m'gulu la zamoyo zosadetsa nkhawa, chifukwa ili m'maiko ambiri ndipo imalolera kukhala pafupi ndi anthu. Mwa mitundu ya mbalame pafupifupi 650 imene inalembedwapo m'Malawi, iyi ili m'gulu la zosavuta kuona.

Koma mbalame ikhoza kukhala yochuluka mu Africa n'kusowa m'dera lanu. Yendani m'malo atsopano amene mzinda ukukulira: mtengo woyamba kugwa ndi waukulu, kuti awotchere njerwa, kenako mpanda wa njerwa zomwezo, kenako simenti pabwalo ponse. M'mphepete mwa mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi anthu akulima mpaka m'madzi, kukumba mchenga ndi kumanga nyumba pamene panali mitengo ya katope ndi mikuyu. Dzalanyama, imene inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, yadyedwa kwambiri ndi makala amene ife tomwe a mumzinda timagula, mpaka mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Nkhalango yomweyo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, wodzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, amene madzi ake timamwa. Sindikunyoza mayi wophikira makala magetsi atazima, kapena bambo wopalasa njinga ya matumba usiku wonse kuti ana adye. Koma mtengo wa m'mphepete mwa mtsinje ndi umodzi womwewo, wosunga madzi ndi wosunga chisa.

Mbalameyi ili ndi mbale wake kuzilumba za Seychelles, Terpsiphone corvina, yaimuna yake yakuda bii. Mitengo ya m'zigwa itadulidwa ndipo makoswe ndi amphaka atafika pazilumbazo, inatsala pafupifupi pachilumba chimodzi chokha cha La Digue. Mu 2008 akatswiri anachita kunyamula zina kupita nazo ku chilumba cha Denis kuti mtunduwo usathe. Khalidwe lake ndi lofanana ndi la yathuyi, chisa chake n'chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo inalibe kwina kothawira.

Ndingachite chiyani pakhomo panga kuti izibwera?

Chachikulu ndi nthawi yosadzira mitengo. Sadzani mu Juni, Julayi kapena Ogasiti, mbalame kulibe. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi musadule nthambi musanayang'ane bwinobwino, makamaka zam'munsi zolendewera zimene zimaoneka ngati zopanda ntchito. Ngati muli ndi wantchito wosamala pabwalo, muuzeni zimenezi ndipo mumuonetse chisa chikapezeka. Nthawi zambiri iyeyo ndi amene amayamba kuchiona, ndipo akadziwa kuti bwana sadzamukalipira chifukwa cha nthambi yosadulidwa, amachisamala kuposa wina aliyense.

Ukonde wa kangaude wa m'nyumba chotsani, koma wa m'mitengo ndi kumpanda usiyeni. Mankhwala ophera tizilombo musamapopere mitengo yonse chifukwa cha duwa limodzi lodwala. Masamba ogwa pansi pa mitengo musamawotche onse, siyani ena awolerane pakona, chifukwa m'menemo ndi mmene tizilombo tambiri timaswana. Beseni la madzi oyera pansi pa mtengo limathandiza m'miyezi yotentha, koma muzisintha madziwo pafupipafupi kuti udzudzu usaswanemo.

Nyengo yodzala mitengo, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, sankhani yachilengedwe ngati malo alipo: mkuyu kutali ndi maziko a nyumba, katope ponyowa, mbawa, mthethe. Mango ndi abwino ndithu chifukwa cha mthunzi wake. Bulugama ali ndi ntchito yake ya milimo ndi nkhuni, koma mthunzi wake ndi wochepa ndipo tizilombo ta kuno sitimukonda, ndiye mbalameyi siipezamo kanthu. Mitengo ingapo yogundana nthambi imaposa umodzi woima pawokha, choncho kambiranani ndi aneba kuti ya kumpanda isadulidwe mbali imodzi.

Nanga ana a legeni ndi ulimbo tiwatani?

Mbalame yofungatira mazira panthambi yam'munsi ndi yosavuta kulasa, ndipo ikafa imodzi chisa chonse chatha, chifukwa kholo limodzi silikwanitsa kufungatira ndi kusaka nthawi imodzi. Nyama yake ndi yosakwana n'kulawa komwe. Anyamata ambiri amailasa chifukwa cha mchira, kuti akaonetse anzawo.

Kukalipa kokha sikuthandiza kwenikweni, amangopita kukalasira kumene simukuwaona. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi kumupatsa mwanayo udindo. Mnyamata wodziwa kusaka ali ndi maso akuthwa kuposa ife akuluakulu, amadziwa kale mtengo umene mbalame imagona ndi nthawi imene imatsikira kumadzi. Mupatseni kope. Alembe tsiku limene waimva koyamba chaka chino, tsiku limene chisa chayamba kumangidwa, tsiku limene makolo ayamba kunyamula chakudya, ndi tsiku limene tiana tatuluka. Aziyang'anira patali, osakwera mumtengo, osagwira chisa. Aphunzitsi a makalabu a zachilengedwe mungachite zomwezi ndi kalasi yonse, kope limodzi n'kumalisunga muofesi chaka ndi chaka, pambali pa masiku amene mvula yoyamba inagwa. M'malo otetezedwa ngati Nature Sanctuary, legeni, ulimbo ndi misampha n'zoletsedwa ndi lamulo, ndipo anawo ndi bwino awuzidwe zimenezi asanapiteko.